Makutu a Fryson Chikakuda

Fryson Chikakuda anafika ku Glasgow potsatira mkazi wake. Nellie ndiye anatsogola, pa nthawi imene zipatala za kuno zinkakokolola anamwino a ku Malawi, ndipo atakhazikika pa chipatala chachikulu cha kufupi ndi Govan anaitanitsa mwamuna wake ndi mwana wawo wamkazi Tadala, amene apo n'kuti akuyamba kumene kuyankhula. Kumudzi, ku Ntcheu, Fryson anali mphunzitsi wa pulayimale. Kuno mapepala ake a uphunzitsi sanawayang'ane n'komwe. Anatsuka mbale mu hotela ina, anakolopa m'maofesi, kenaka anaphunzira kuyendetsa basi, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inamudyetsa zaka zambiri. Anthu a ku Partick ndi ku Govan ankamudziwa ngati dalaivala wosaseka uja amene sankadikira munthu wothamangira basi, ngakhale akumuona pagalasi.

Koma Amalawi sankamudziwira basi. Kwa iwo anali aphunzitsi a kwaya. Mpingo umene ankapempherako unkabwereka tchalitchi cha Asikoti Lamlungu masana, eni ake akatuluka, ndipo amene anayambitsa kwaya yake anali Fryson. Nyimbo anaziphunzira kwa bambo ake, amene ankaphunzitsa ndi ndodo m'manja, ndipo ngakhale Nellie anamupeza mu kwaya. Ankanena poyera kuti anayamba wakonda mawu, nkhope anadzaiona pambuyo. Anali ndi khutu loopsa. Gulu lonse likuimba, iye ankatha kumva mmodzi amene watsetsereka pang'ono, n'kuimitsa nyimbo, n'kumuloza ndi chala. Kudzudzulira kumbali sankakudziwa. Mayi wina wachikulire anawauza pagulu kuti mawu awo akuoneka kuti anawaiwala pa bwalo la ndege. Reuben, amene anabwera kudzaphunzira pa yunivesite ndipo ankakonda kuimba kuposa kudya, anamuuza kuti: "Iwe uziima kumbuyo, uziyendetsa milomo chabe. Pa chithunzi pamafunika anthu ambiri, pa nyimbo ayi." Reuben anaima kumbuyo miyezi yambiri osasiya kubwera. Anthu ankanyinyirika, koma kwayayo ikaimirira pa ukwati kapena pa maliro, ngakhale azungu ankasiya kuyang'ana mawotchi awo, ndiye wonyinyirika aliyense ankameza mawu ake.

Tsiku limene zinamuonekera linali Lachinayi masana, kunja kukuwaza kamvula ka masiku onse. Nellie anali ku wodi. Tadala anali atakula, atasamukira ku Partick kumene ankakhala ndi anzake a ku koleji. Fryson anali yekha m'fulati yawo, m'nyumba zakale zamiyala zosanjikizana za ku Govan, akukonzekera shifiti ya madzulo. Anali atavala yunifolomu, atawerama pa kakhonde ka mkati kuseri kwa chitseko, akumanga zingwe za nsapato.

Zimene zinkachitika mu msewu iye sanazione. Anadzazionera pa foni ya mwana wake pambuyo pake. Kunabwera galimoto yachitsulo chokhachokha, ya timawindo ting'onoting'ono, yonga ija kwathu timati chimbaula. Munatuluka apolisi ovala zisoti ndi zophimba kumaso, mfuti zazitali zili m'manja. Ankafuna munthu wina amene anamveka kuti akusunga mfuti. Munthuyo ankakhala pa khomo loyang'anana ndi la a Chikakuda, ndipo anali atasamukapo kale.

Chitseko chinathyoka n'kumumenya Fryson paphewa. Asanaweramuke, kanthu konga kachitini kanagubuduka n'kudzaima pafupi ndi nsapato imene ankamanga. Anakayang'ana. Anali akadali chiweramire pamene kanaphulika.

Fryson ankanena kuti phokoso lake sanalimve. Anangoona kuyera, ngati wina wamuthira laimu m'maso, n'kumva ngati amukhomera msomali kuchokera khutu lina kukatulukira linzake. Maso atayambanso kuona, pamwamba pake panali anthu ovala zakuda, mitu ikugwedezeka. Ankamukuwira kuti agone chafufumimba, atambasule manja. Iye sankamva kanthu, ndiye anayesa kuimirira kuti afunse chimene chachitika. Kwa iwo kumeneko kunali kulimbana nawo. Anamugwetsa, wina n'kumukanikiza ndi bondo pamsana, wina n'kumupotokola mkono, n'kumumanga ndi zingwe zapulasitiki. Anamukhwekhwereza pa masitepe mpaka kunja, kumene anthu anali atadzaza, mafoni ali m'mwamba. Magazi ankatuluka m'khutu la kumanja n'kutsikira pa kolala ya yunifolomu, ndipo buluku lake linali litanyowa kutsogolo. Zonsezo zinalowa m'mafoni.

Anamukhazika m'galimoto pamene ena ankafufuza m'nyumba. Anang'amba matiresi, anakhuthula masutikesi, mabuku a nyimbo anangoti mbwee pansi, akuwapondaponda. Atasowa kanthu, mkulu wawo anatsegula chitseko cha galimoto n'kuvula chophimba kumaso. Anali bambo wa nkhope yabwino ndithu. Anayankhula nthawi yaitali, dzanja lili pachifuwa, Fryson akungoyang'ana milomo yake. Kupepesa kumene analandira maso ndi maso kunali kokhako, ndipo sanamvepo liwu ndi limodzi lomwe.

Anamutengera ku chipatala chimene mkazi wake ankagwirako ntchito. Nellie ataitanidwa kuchokera ku wodi, anapeza mwamuna wake atakhala pa bedi, wapolisi ataima pambali ngati mlonda. Fryson atamuona anakuwa moti chipinda chonse chinatembenuka.

"Amake Tadala, imbani ku depoti, muwauze kuti ndichedwa!"

Sankadziwa kuti akukuwa. Nellie anamugwira pakamwa ndi dzanja, n'kuyang'ana m'khutumo, ndipo poti anali namwino sanafunikire kudikira dokotala kuti amuuze.

Khutu la kumanja linafa. La kumanzere linatsala ndi kachigawo kochepa, pamodzi ndi kulira kosalekeza ngati nyenje za m'chilimwe. Anamupatsa kachipangizo kovala m'khutu, kamene kankakweza zonse nthawi imodzi, mawu a munthu, kugundana kwa mbale, mphepo ya mu msewu. Choipitsitsa chinali chizungulire chimene chinkamugwira mosachenjeza, moti nthawi zina ankangokhala pansi pakati pa sitolo, atagwira shelefu. Munthu wa chizungulire samupatsa basi yodzaza anthu. Ku depoti anamulembera khadi lalikulu losainidwa ndi madalaivala onse, ntchito n'kuthera pomwepo.

Vidiyo ija inafika pa gulu la pafoni la Amalawi iye asanatuluke m'chipatala. Ena anati apolisi a kuno sathyola chitseko popanda chifukwa. Ena anakumbuka kuti Fryson ankapita kumudzi pafupipafupi, ndiponso ndi masutikesi akuluakulu. Wina anaijambula pomwe panaoneka buluku lija n'kulembapo kuti aphunzitsi atsetsereka kiyi.

A McDonald, Mmalawi mnzake amene anali mkulu wa mpingo, anabwera kudzazonda ndi jumbo ya zipatso. Anapemphera, kenaka anasendera ku khutu la kumanzere.

"Aphunzitsi, nkhaniyi isiyeni m'manja mwa Mulungu. Ife kuno ndife alendo, ndipo mlendo ndi mame. Mumpingo muno muli ana asukulu, ena mapepala awo akudikira kuyankhidwa. Mukayamba kukokana ndi apolisi, dzina limene lizimveka ndi la Amalawi tonse."

"Mukuti chiyani?"

A McDonald anabwereza mokuwa, mpaka oyandikana nawo nyumba anamva kudzera pa chitseko chongogwirizira chija. Fryson anamva theka lake, ndipo theka limenelo linamukwanira. Anawathokoza chifukwa cha zipatso.

Atapezako bwino anabwerera ku kwaya. Reuben, amene tsopano anali atamaliza maphunziro n'kupeza ntchito mumzinda momwemo, ndiye ankaigwirizira. Fryson analowa, n'kutenga malo ake kutsogolo osafunsa munthu, n'kupereka kiyi. Kiyi imene anapereka sinali ya nyimbo iliyonse. Amayi a kutsogolo anayang'anana, koma anayamba ndithu, akutsatira manja ake. Iye ankangomva nyenje zake. Anaimitsa nyimbo n'kuloza mayi amene sanalakwe. Anayambanso, anaimitsanso, n'kuloza wina. Wachitatu amene anamuloza anali akumwa madzi, asanatsegule n'komwe pakamwa kuti aimbe. Wina kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo kuseka kunayenda mzere wonse. Kuseka sikufuna makutu. Fryson anakuona pa mapewa awo.

Lamlungu lotsatira a McDonald analengeza kuti pofuna kuwapumitsa aphunzitsi, akulu a mpingo asankha Reuben kuti atsogolere kwaya. Anthu anaomba m'manja. Fryson nayenso anaomba, poganiza kuti akulandira alendo. Potuluka, Reuben anamupeza pakhomo, anamupatsa moni wa manja awiri, n'kuyankhula pang'onopang'ono kuti aone milomo yake.

"Bambo, musasiye kubwera. Malo alipo kumbuyo. Mukhoza kumayendetsa milomo."

Ananena akumwetulira, ndipo amene anali pafupi sanayang'ane kumbali. Ena mwa iwo anali atadikira mawu amenewo zaka zambiri.

Amene anabweretsa Sylvia m'nyumba anali Tadala. Sylvia anali mayi wa Chisikoti wa ku Pollokshields, wa imvi zodula mwachidule, mphunzitsi wopuma amene ankatsogolera kagulu kokana zoti apolisi azitenga zida zimene asilikali asiya kugwiritsa ntchito. Loya wa kaguluko anali atafufuza. Chimbaula chija chinayendapo ku nkhondo ya m'chipululu kutali uko asanachipake utoto wina, ndipo kachitini kaja kanali m'gulu la katundu wotsala wa asilikali, kopangidwira kulowera m'malinga a adani, osati m'khonde lopapatiza la nyumba ya munthu. Sylvia ankafotokoza, Tadala akulemba pa foni kuti bambo ake aziwerenga.

"Zida zimenezi akazipeza mosavuta amafuna pozigwiritsa ntchito," anatero Sylvia. "Ife tikufuna lamulo loti zida za nkhondo zisamalowe m'misewu yathu. Koma anthu samva za m'mapepala, amafuna kuona munthu. Tikufuna inuyo muime kutsogolo."

Nellie anakana. Anagwira mwamuna wake pa chibwano kuti amuyang'ane.

"Bambo a Tadala, anthu akuonani kale mokwanira. Ine ndikamayenda mu wodi, odwala amandifunsa ngati ndine mkazi wa uja wa pa vidiyo. Zisiyeni zizime zokha."

Tadala anayankha mayi ake m'Chingerezi chothamanga cha ku Glasgow, kuti kukhala chete ndi kumene kumawapatsa apolisi mphamvu, kuti m'badwo wa makolo ake umagwadira ngakhale amene akuuponda. Nellie anati iye anabadwira m'dziko limene mwana sauza mayi ake zogwada. Anakangana pamwamba pa mutu wa Fryson, iye akuyang'ana uyu, kuyang'ana uyo. Pomaliza analoza Sylvia n'kunena kuti akaima kutsogoloko. Mwina ankafuna chilungamo. Mwinanso ankangofuna malo ena oimapo kutsogolo kwa anthu.

Chithunzi chimene a kagulu ka Sylvia anasankha chinali cha tsiku lomwe lija, magazi ali pa kolala. Anachidulira m'chiuno, koma amene anaonera vidiyo ankadziwa zimene zinali m'munsimo. Anachimata m'malo odikirira basi ku Partick, pomwe iye ankaimitsa basi yake, ndipo anzake a ku depoti ankachidutsa tsiku lonse.

Msonkhano waukulu unachitikira mu holo ina ku Partick komweko. Kunabwera makhansala, atolankhani ndi mkulu wina wa apolisi. Fryson anavala suti imene ankatsogolera nayo kwaya, ndipo anayankhula bwino, paja anali mphunzitsi. Anafotokoza za nsapato, za kachitini, za bondo pamsana, osathamanga, osalira.

"Kumene ndinachokera, chimbaula chikamabwera anthu amathawa," anatero pomaliza. "Ndinkayesa kuti ndinachisiya kumeneko. Ine si msilikali. Chida chimene anandiponyera anachipangira nkhondo, ndipo m'nyumba mwanga munalibe nkhondo. Munali munthu akupita ku ntchito."

Holo yonse inaomba m'manja, ndipo Tadala anapukuta misozi.

Kenaka anaimirira mkulu wa apolisi uja, munthu wofatsa, wosakweza mawu. Anati ndi wachisoni ndi zimene zinagwera Bambo Chikakuda, koma anyamata ake akamapita pa khomo pamene akuti pali mfuti amayenera kubwerera amoyo kwa ana awo. Anatchula wapolisi wina amene anabayidwa pa masitepe onga omwewo. Anati chimene chinalakwika si chida ayi, koma nambala ya pakhomo. Atatero anatembenukira kwa Fryson.

"Bambo, apolisi anakuuzani kangapo kuti mugone pansi. Mukuvomereza kuti simunatsatire zimene anakuuzani?"

Maiki inkabwebweta m'makoma, kachipangizo ka m'khutu kakuimba likhweru. Fryson anatolapo mawu awiri atatu, anaona nkhope yachifundo ija, n'kuganiza kuti akumufunsa ngati walandira kupepesa. Sankafuna kunena pamaso pa gulu lonselo kuti sanamve. Anagwedeza mutu.

"Inde, bwana. Zikomo kwambiri."

Tadala anaimirira n'kukuwa kuti bambo ake sanamve funso, koma wapampando anali atapita kale kwa wofunsa wina. M'mawa mwake nyuzipepala ina inalemba kuti dalaivala wavomera kuti sanamvere apolisi. Madandaulo ake atafika kwa ofufuza, mawu amenewo anali pamwamba. Anagamula kuti panalidi kulakwitsa khomo, koma mphamvu imene apolisi anagwiritsa ntchito inali yoyenera malinga ndi mmene wodandaulayo anachitira. Palibe amene anachotsedwa ntchito.

Ukali umene unalephera kufika kwa apolisi unatsikira m'nyumba. Nellie akamayankhula pa foni kukhitchini, Fryson ankati akumunena. Akaseka ndi za pa wailesi ya kanema, ankati akuseka iye. Akamuyankhula motsitsa ankati akuchitira dala, akakweza ankati akumukalipira ngati mwana. Tadala atabwera kudzapepesa za msonkhano uja, anamuimitsa pakhomo.

"Iwe ndiwe unandigulitsa kwa azungu ako. Unafuna kuti akuone kuti uli ndi bambo wovutika."

"Adadi, ndinkafuna kukuthandizani."

"Wathandiza. Pita."

Tadala anabwerabe kawiri katatu, kenaka anasiya.

Nellie ankakonda kung'ung'udza nyimbo akamatsuka mbale. Tsiku lina Fryson anaima pakhomo la khitchini n'kuona khosi la mkazi wake likunjenjemera ndi nyimbo imene iye sankaimva. Anamulanda mbale imene inali m'manja n'kuiphwanyira mu sinki.

"M'nyumba muno simuimbidwa nyimbo," anatero.

Nellie anatola zidutswa. Anapirira nyengo yonse yachisanu, akuchoka ku wodi n'kudzapeza wodwala wina kunyumba, woti mankhwala ake kulibe. Lamlungu lina anabwerera kuchokera ku tchalitchi atavala za Mvano, bulauzi yoyera ndi duku loyera. Fryson, amene anali atasiya kupitako, anamufunsa nyimbo zimene Reuben anaimbitsa. Nellie anazitchula.

"Anaimba bwanji?"

Akanatha kunama, koma anali atatopa. "Anaimba bwino."

Fryson anamuwaza mbama pa khutu penipeni, ndi mphamvu zake zonse.

"Umve nawe mmene zimakhalira."

Chikwatiranireni anali asanamumenyepo, ndiponso anali asanamutchulepo kuti iwe. Nellie sanalire. Anakhala pa mpando atagwira khutu mpaka litasiya kulira, anavula duku n'kulipinda bwinobwino, n'kulowa kuchipinda. Sabata imeneyo anapempha malo pa chipatala china kumpoto kwa dzikolo, ndipo atamuyankha ananyamuka mwamuna wake atapita ku sitolo. A McDonald anabwera kudzayesa kuyanjanitsa banja. Fryson anawalandira, anawakhazika pa sofa, kenaka anachotsa kachipangizo ka m'khutu n'kukaika pa tebulo pamaso pawo. A McDonald anayankhula okha mpaka anatopa.

Kagulu ka Sylvia kanapitiriza kulimbana. Patapita nthawi, komiti yoyang'anira ntchito za apolisi inagwirizana kuti asanatenge chida china chochokera kwa asilikali aziyamba apempha chilolezo ndi kulengeza poyera. Zida zimene anali nazo kale zinatsala m'manja mwawo, ndipo chimbaula chija chinapitiriza kuyenda. Sylvia anati pamenepo ndi poyambira chabe, ndipo anamutumizira Fryson uthenga woti abwere ku msonkhano wina ku Pollokshields.

Fryson anasita suti, anakwera sitima, n'kufika anthu asanabwere, m'mutu atakonza kale zoti akanene, kuphatikizapo yankho la funso lija la mkulu wa apolisi. Pakhomo la holo anapeza chithunzi chatsopano, cha mtsikana wa sukulu ali pa njinga ya olumala. Galimoto yachitsulo ija inali itamuponda phazi pa zionetsero zina. Sylvia anamukumbatira, n'kumuyankhula akumuyang'ana kumaso.

"Mwachita bwino kubwera msanga. Lero ayankhula ndi mtsikanayu, anthu akufunika kumva zatsopano. Mungatithandize kuyala mipando?"

Anayala mipando, mizere yowongoka. Msonkhano wonse anakhala kumapeto, akuonera milomo ikuyenda ndi manja akuombedwa. Utatha, anthu akumwa tiyi, anayamba kusanjikiza mipandoyo popanda womutuma. Wosamalira holo, chimunthu chachikulu chovala jekete yakuda, anamuitana kuchokera kumbuyo kuti mipando imapita mbali inayo. Anaitana, anaitananso mokuwa. Ataona kuti sakutembenuka, anabwera mofulumira n'kumugwira paphewa.

Fryson anadziponya pansi chafufumimba, mipando ikugwera uku ndi uko, manja atawatambasula.

"Ndagona! Ndagona, bwana!"

Ankakuwa m'Chichewa. Wosamalira holo anabwerera m'mbuyo, manja ali m'mwamba, nkhope itafiira. Wojambula wa kaguluko, amene kamera inali kale m'manja, anajambula asanaganize. Anthu anamudzutsa, anamusasa fumbi pa suti, anamukhazika pa mpando n'kumupatsa tiyi. Sylvia anagwada patsogolo pake, misozi ili m'maso, ndipo inali misozi yeniyeni. Anamugwira dzanja nthawi yaitali. Kenaka anatenga kamera ija, anaiyang'ana, n'kulemba pa foni yake kuti Fryson awerenge.

"Chithunzichi chikuonetsa zimene zida zimenezi zimachita kwa munthu kuposa mawu alionse. Mungatilole kuchigwiritsa ntchito?"

Fryson anachiyang'ana. Anaona bambo wokalamba wadazi, suti itakwinyika kumsana, atagona pakati pa mipando ngati nkhuku yodulidwa.

"Tadala achiona?" anafunsa.

Sylvia anati aliyense achiona.

"Chigwiritseni ntchito."

Chinatuluka, ndipo chinayenda kwambiri kuposa choyamba chija. Tadala anachionadi. Sanabwere, koma anatumiza uthenga wa mawu pa foni, wautali ndithu. Kaya anachitira dala, kaya anaujambula ali m'misozi n'kuiwala, palibe akudziwa. Fryson anakanikiza foni pa khutu la kumanzere, anakweza mpaka pamapeto, anazimitsa chilichonse m'nyumba. Ankamva kuti ndi mwana wake, kuti mawu akukwera ndi kutsika, kuti penapake akudukaduka, koma ngati ndi kulira kapena kukalipa sankatha kusiyanitsa. Nellie, amene akanamumvetserera, anali atapita, ndipo mwa amene anatsala panalibe woti angamupatse mawu a mwana wake kuti amve.

Masiku ano Fryson amagwira ntchito pa fakitale yochapa nsalu za m'mahotela, chakumadzulo kwa Govan, kumene amapinda mashiti a pabedi ataima pafupi ndi mpando chifukwa cha chizungulire. Makina a pamenepo amasokosa moti aliyense amayankhula ndi manja, ndipo lamulo lake ndi loti wantchito aliyense avale zotseka m'makutu. Iyenso amavala. Uthenga uja ukadali pa foni, ndipo sanauyankhebe.